Chikalata chinajambulidwa koma sichikupezeka posaka: kumene muyenera kuyang'ana

M'mawa wina wa mwezi wa February, mvula itagwa usiku wonse ndipo nkhungu isanachoke paphiri, mayi wina wachikulire anafika pa ofesi ina muno mu Zomba kudzafunsa kalata imene malemu amuna awo analembedwera ntchito. Anali atachokera ku Jali ndi ndalama yobwererera yokha. Kalaliki analemba dzina la malemuyo, M'bwana, pa kompyuta katatu konse, ndipo katatu konseko pulogalamu yosungira zikalata inayankha kuti palibe chimene chapezeka. "Amayi, takhalani kaye pabenchipo, tiyang'anenso bwinobwino," anatero mnyamatayo, uku akuponya maso kwa ine, popeza ndinali nditaitanidwa kudzaona vuto lomweli, limene linali litawasowetsa mtendere kwa miyezi ingapo. Mafayilo a chaka chimenecho anali atajambulidwa onse pa sikana, mapepala enieniwo atamangidwa m'makatoni ndi kupititsidwa kosungira kwina, moti panalibe kabati yoti munthu atsegule.

Kalatayo inalimo, ndipo inapezeka tsiku lomwelo. Ndayamba ndi mfundo imeneyi chifukwa pa ntchitoyi ndaona kuti chikalata chimene anthu akuti chasowa m'kompyuta kawirikawiri chimakhala chilimo, koma njira yochifikira ndiyo imakhala itaduka. Pulogalamu ikamasaka sitsegula zithunzi n'kumaziwerenga chimodzichimodzi monga achitira munthu. Imayang'ana mu mlozera, umene akatswiri amautcha indekisi, womwe ndi mndandanda wa mawu pamodzi ndi zikalata zimene mawuwo akupezekamo. Zili ngati kalaliki amene saloledwa kufika pashelefu, amangoona m'buku la kaundula: fayilo ikhoza kukhala pafupi naye pomwepo, koma ngati sinalembedwe m'bukumo, kapena inalembedwa ndi dzina lolakwika, iye adzakuuzani moona mtima kuti kulibe. Kuchokera papepala kufika pa yankho limene mukuliona pa kompyuta, chikalata chimadutsa malo anayi, omwe ndi chithunzi chojambulidwa, malemba amene pulogalamu yozindikira zilembo, yotchedwa OCR, yawerenga pachithunzicho, mlozera, ndiponso mawu amene inu mwalemba posaka. Vuto limakhala pa amodzi mwa malo amenewa, ndipo mankhwala a malo ena sachiza malo enawo.

N'chifukwa chake ndimaletsa zinthu ziwiri zimene maofesi amathamangira, zomwe ndi kujambulanso mafayilo onse ndi kufafaniza mlozera kuti umangidwenso, musanadziwe pamene pakudwala. Kujambulanso kumadya masabata ndipo kumasiya makope awiriawiri a chikalata chilichonse, pamene kumanganso mlozera pa malemba olakwika kumangobweretsa mlozera watsopano wolakwika chimodzimodzi. Choyenera kuyamba nacho ndi kusonkhanitsa zikalata khumi kapena kuposerapo zimene zakana kupezeka, n'kuona chimene zikufanana. Ngati zonse zinalowa pambuyo pa tsiku linalake, mlozera unaima tsiku limenelo. Ngati zonse zinachokera pa sikana imodzi kapena kwa kalaliki mmodzi, vuto lili pa mmene sikanayo inatcheredwera. Ngati ndi za masiku osiyanasiyana koma zonse zili ndi mayina okhala ndi nkhodolero kapena mayina akale a malo, vuto ndi la chinenero, ndipo kompyuta ilibe mlandu.

Kodi chithunzicho chilipo?

Fikani pa chikalata chimodzi kudzera njira ina yosakhala kusaka mawu: tsegulani foda ya tsiku limene chinajambulidwa, kapena gwiritsani ntchito nambala ya mtolo umene chinalimo. Mukapeza kuti tsambalo mulibe, ndiye kuti linatayika pa sikana pomwepo. Nyengo ya dzinja muno mu Zomba mapepala amamwa chinyezi n'kumamatirirana, makamaka mapepala opyapyala a kaboni ndi amene anagwirana ndi dzimbiri la mapini, ndipo sikana yokoka mapepala yokha imameza awiri nthawi imodzi popanda kudandaula, pokhapokha ngati mwaitchera kuti iziima ikamva kuti yakoka awiri. Palinso chizolowezi chotchera sikana kuti izitaya masamba opanda kanthu. Tsamba lofufuma la kaboni kapena lolembedwa ndi pensulo imaliyesa lopanda kanthu n'kulitaya. Pa mafayilo akale ndi bwino kuzimitsa zimenezi, popeza tsamba loyera lowonjezera silipweteka munthu aliyense.

Chinthu china chimene ambiri sachiganizira ndi kutalika kwa pepala. Makalata ambiri akale a boma analembedwa pa fulusikapu, imene ndi yotalika pafupifupi mamilimita 330, pamene pepala la A4 ndi la mamilimita 297. Sikana ikatcheredwa pa A4 imadula m'munsi, ndipo m'munsimo ndi mmene mumakhala dzina la wosainira, chidindo, ndipo nthawi zina tsiku. Apa ndi pamene kujambulanso kuli koyenera, ndipo mujambule mafayilo okhudzidwa okhawo. Kuti zisabwerenso, wojambula aziwerenga masamba a fayilo asanaiike pa sikana, n'kuyerekeza ndi chiwerengero chimene pulogalamu yaonetsa.

Kodi pansi pa chithunzi pali malemba otani?

Chithunzi chikakhalapo, tsegulani fayilo ya PDF, dinani Ctrl ndi A kuti musankhe zonse, koperani, ndipo muike mu Notepad. Kuyesa kumeneku sikutenga mphindi imodzi, koma kumaonetsa ndendende chimene kompyuta ikuona, chomwe nthawi zambiri chimasiyana kwambiri ndi chimene maso anu akuona.

Ngati mu Notepad simukubwera kanthu, fayiloyo ndi chithunzi chabe, OCR sinaigwire. Mwina sikana inatcheredwa kuti izisunga PDF wamba m'malo mwa PDF yosakika, kapena zikalata zikudikirabe pamzere wa OCR umene unaima. Mapulogalamu ambiri amachita ntchito imeneyi usiku, ndipo magetsi akathima ntchito ili mkati, ena sadzuka okha kufikira munthu atawayambitsanso. Yang'anani pamzere wa ntchito zodikira ndiponso m'kaundula wa zolakwika wa pulogalamuyo. Simuyenera kujambulanso; mafayilo omwewo akhoza kudutsa mu pulogalamu monga OCRmyPDF, imene ndi yaulere, kapena ABBYY FineReader, imene ndi yogula, ndipo malemba amaikidwa mobisika pansi pa chithunzi. Pa OCRmyPDF pali msampha umodzi woyenera kuudziwa. Mukailamula ndi --skip-text, imadumpha tsamba lililonse limene lili kale ndi malemba, ngakhale malembawo akhale nambala ya tsamba kapena tsiku limene pulogalamu yojambulira inadinda pamwamba. Tsamba lotero limaoneka ngati lawerengedwa pamene silinakhudzidwe, ndipo limafunika --redo-ocr kapena --force-ocr.

Ngati mukubwera malemba koma osokonekera, yambani ndi kuona kuchuluka kwa madontho a chithunzi. Muyeso umene OCR imagwira nawo bwino ntchito pa malemba a msinkhu wamba ndi 300 dpi, kutanthauza madontho 300 pa inchi iliyonse, pamene tsamba la A4 limakhala ndi madontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Pa tizilembo ting'onoting'ono mukwere pa 400 kapena 600. Maofesi amatsitsa muyesowu pa 150 pofuna kupulumutsa malo, ndipo munthu amathabe kuwerenga bwino tsambalo, n'chifukwa chake palibe amene amazindikira kuti kompyuta yasiya kuliwerenga. N'zoona kuti tsamba limodzi lotuwa losapanikizidwa limadya mamegabaiti pafupifupi 9, ndipo lamitundu limadya pafupifupi 26, koma njira yake ndi kupanikiza fayilo mwanzeru, osati kuchepetsa madontho. Chachiwiri ndi mtundu. Kujambula mwa zakuda ndi zoyera zokha kumapereka mafayilo aang'ono kwambiri ndipo n'kokwanira pa kalata yatsopano yochokera mu purintala, koma pa kaboni, pa pepala lofiirira ndi ukalamba, kapena pa tsamba limene chidindo chinagwera pamwamba pa mawu, sikana imakakamizika kusankha kuti dontho lililonse likhale lakuda kapena loyera, ndipo zilembo zimaduka miyendo kapena kumatirirana. Zikalata zotere zijambulidwe pa grayscale, ndiye kuti mwa mtundu wotuwa. Chachitatu ndi kupendekeka ndi kuzondoka kwa tsamba, zimene mapulogalamu ambiri amakonza okha mukawauza. Zithunzi zojambulidwa pa foni n'kutumizidwa pa WhatsApp monga zithunzi wamba zimafika zitapanikizidwa kale, choncho wotumiza azizitumiza ngati chikalata.

Zolakwika za OCR zili ndi chizolowezi chake, ndipo kuzidziwa kumakupatsani njira yosakira ngakhale musanakonze kanthu. Chilembo h chikatsekeka m'munsi chimasanduka b, kotero Phiri amakhala Pbiri. R ndi n zikayandikana zimasanduka m. W amagawika kukhala vv. Ziro ndi O zimasinthana. Pa zikalata za taipi pali china chimene achinyamata ambiri sachidziwa: makina ambiri akale a taipi analibe batani la nambala 1, ndipo alembi ankadinda l wamng'ono m'malo mwake. Chaka cha 1964 chinalembedwadi l964 papepala lenilenilo, ndipo OCR ikachiwerenga choncho sinalakwitse, koma wosaka 1964 sachipeza.

Palinso nkhani ya chinenero chimene OCR yauzidwa kuti ikuwerenga. Tesseract, imene inayambira ku kampani ya Hewlett-Packard n'kutulutsidwa kwaulere mu 2005, ndiyo imagwira ntchito mkati mwa OCRmyPDF ndi mapulogalamu ena ambiri, ndipo ikapanda kuuzidwa kanthu imaganiza kuti tsamba lili m'Chingelezi. Pa zinenero zimene imabwera nazo pali Chiswahili koma Chichewa palibe. Zotsatira zake n'zakuti ikakayikira chilembo imakokera mawu ku Chingelezi, ndipo makalata a mafumu ndi madandaulo olembedwa m'Chichewa ndiwo amawonongeka kwambiri. Tengani masamba asanu a Chichewa, muwawerengetse ndi Chingelezi chokha, kenaka Chingelezi pamodzi ndi Chiswahili, kenakanso ndi fayilo ya zilembo za Latin yosatsata chinenero chimodzi, ndipo musankhe imene yalakwitsa pang'ono pa mapepala anuwo. Za zolembedwa pamanja ndinene mwachidule: OCR wamba musaidalire pamenepo. Mabuku a kaundula, timakalata ta pamanja ndi ndemanga za m'mphepete mwa tsamba zimapezeka kokha ngati munthu analemba mayina ake m'mabokosi a mlozera.

Malemba ali bwino koma kusaka sikukubweretsa kanthu

Apa ndiye tafika pa mlozera weniweniwo. Choyamba onani ngati diski ya seva, kompyuta yaikulu yosunga zikalata za ofesi yonse, sinadzaze, chifukwa ikadzaza mlozera umaima mwakachetechete pamene ntchito zina zikuoneka ngati zikuyenda. Onaninso tsiku ndi nthawi ya seva. Kabatire ka mkati mwa kompyuta kakatha, makina amadzuka ndi chaka cholakwika magetsi akabwera, ndipo zikalata za lero zimalembedwa ngati za zaka zapitazo.

Maofesi amene amangosunga mafayilo m'mafoda n'kumasaka kudzera pa Windows apite pa Indexing Options, aone ngati fodayo ili pa malo osankhidwa, kenaka pa Advanced ndi File Types atsimikize kuti pa pdf pasankhidwa Index Properties and File Contents, chifukwa kupanda apo Windows imangosunga dzina la fayilo osati zamkati. Mafayilo a zithunzi a mtundu wa TIFF amafuna kuti muyatse Windows TIFF IFilter, imene siyatsidwa yokha. Foda ya pa seva siilowa mu mlozera wa kompyuta yanu. Mlozera wake uyenera kumangidwa pa seva pomwepo. Amene akugwiritsa ntchito pulogalamu yosungira zikalata ya DSpace, monga malaibulale ambiri a m'mayunivesite, akumbukire kuti filter-media ndiyo imatulutsa malemba m'mafayilo ndipo index-discovery ndiyo imawaika mu mlozera, kotero yoyambayo ikapanda kuyenda pa nthawi yake, chikalata chimapezeka ndi mutu wake wokha. Pa SQL Server, pulogalamu ya detabesi (nkhokwe ya zolembedwa mu kompyuta), onani ngati change tracking, imene imalondola zosintha, ya mlozera wa malemba ili pa AUTO. Ikakhala pa MANUAL kapena OFF, zikalata zatsopano zimadikira kuti wina alamule.

Pa MySQL, pulogalamu inanso ya detabesi, pali malamulo awiri amene asokoneza anthu ambiri. Mlozera wa malemba suwerengera mawu aafupi: pa matebulo a mtundu wa MyISAM mawu osakwana zilembo 4 amasiyidwa, ndipo pa a mtundu wa InnoDB amasiyidwa osakwana zilembo 3. Dzina loti Ali kapena chidule choti TA chikhoza kukhala m'zikalata zambiri koma osapezeka konse. Muyesowu umasinthidwa pa ft_min_word_len kapena innodb_ft_min_token_size, ndipo mukasintha muyenera kumanganso mlozera. Lamulo lachiwiri ndi la MyISAM: pa kusaka wamba, mawu amene akupezeka mu theka la zikalata zonse kapena kuposerapo amayesedwa opanda phindu ndipo sabweretsa yankho. Mu ofesi ya muno, mawu otero ndi Zomba, popeza ali pamutu pa kalata iliyonse. Kalaliki woyesa pulogalamu amalemba Zomba, saona kanthu, ndipo amakhulupirira kuti zonse zafafanizika. Kusaka kwa mtundu wa BOOLEAN MODE sikutsata lamuloli.

Mukatsimikiza kuti malemba ali bwino, malo alipo, ndipo mlozera ndiwo wawonongeka, mwachitsanzo chifukwa magetsi anathima ukulembedwa, pamenepo muumangenso. Sungani kaye kope la detabesi, yambani ntchitoyo Lachisanu madzulo seva ili pa UPS, batire loteteza magetsi akathima, ndipo muchenjeze anzanu kuti kusaka kudzapereka mayankho operewera kufikira itatha.

Mayina athu ndi mawu athu

Gawo ili ndilo ndimaliona lofunika koposa, chifukwa mapulogalamuwa anapangidwa poganizira Chingelezi, ndipo palibe amene adzatikonzera ngati sitikonza tokha. Kalata ya mayi a ku Jali aja inakodwa pano. Pa kaboni nkhodolero ya dzina la M'bwana inali yofufuma, OCR inaidumpha n'kugawa dzinalo kukhala M payekha ndi bwana payekha, ndipo amene analemba m'mabokosi a mlozera anataipa Mbwana, wopanda nkhodolero. Titasaka bwana zinabwera kalata zosawerengeka, monga mungayembekezere; titasaka Mbwana, kalata imene timafuna inali yachitatu pamndandanda. Mayiwo anaigwira ndi manja awiri itatuluka mu purintala, anayang'ana siginecha ya amuna awo kwa kanthawi, kenaka anaipinda n'kuimanga pansonga ya chitenje.

Nkhodolero ili ndi mavuto angapo. Yoongoka imene imatuluka pa kiyibodi ndi yopindika imene Word imaika yokha ndi zizindikiro ziwiri zosiyana kwa kompyuta, ngakhale kwa ife ndi chimodzi. Mapulogalamu ena amadula mawu pamene pali nkhodolero, ena amaisunga mkati mwa mawu, ndipo m'njira zonse ziwiri Ng'oma ndi Ngoma sakumana. Mapulogalamu olembedwa mosasamala amafika pokana kusaka kumene ndi kuonetsa uthenga wa cholakwika mukalemba dzina lotere. Zikatero muuze wopanga pulogalamuyo mwamsanga, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro chakuti pali mpata umene akuba angalowere mu detabesi. Chilembo ŵ chili ndi vuto lofanana. Ena amalemba Malaŵi, ena Malawi, ndipo detabesi yosunga malemba mu latin1, njira yakale yosungira zilembo, ilibe malo a chilembochi, kotero imachisandutsa chizindikiro cha funso. Malemba asungidwe mu Unicode, njira yokhala ndi malo a zilembo za zinenero zosiyanasiyana, monga utf8mb4 pa MySQL, ndipo kuyerekeza mawu kutcheredwe kuti kusamasiyanitse chilembo cha kachizindikiro pamwamba ndi chopanda, zimene zimadziwika ndi zilembo ai kapena AI m'dzina la collation, lamulo loyerekezera mawulo. Pa pulogalamu yosakira ya Solr ntchito yomweyi imachitidwa ndi ASCIIFoldingFilter.

Kenaka pali kapangidwe ka mawu a Chichewa. Chingelezi chimasintha mawu kumathero, ndipo n'chifukwa chake mapulogalamu amalola kanyenyezi (*), koimira zilembo zilizonse, kumathero kwa mawu osakira. Chichewa chimasintha kwambiri kumayambiriro. Mukasaka munda ndi kanyenyezi mudzapeza mundawu ndi mundawo, koma simudzapeza kumunda, pamunda kapena minda, ndipo mlozera wa malemba wa SQL Server ndi wa MySQL sulola kanyenyezi kumayambiriro. Wosaka mlandu wa malo ayenera kulemba mitundu yonseyo akuilumikiza ndi OR. Woyang'anira pulogalamu azimitse kudula mawu motsata malamulo a Chingelezi pa zikalata za Chichewa, ndipo ngati pulogalamu ikulola, amange mlozera wa tizidutswa ta mawu, wotchedwa n-gram, umene umakula kwambiri koma umapeza tsinde lili pakati pa mawu. Onjezani pamenepo kusinthana kwa l ndi r, kumene kumachititsa kuti munthu mmodzi alembedwe Phiri pa kalata ina ndi Phili pa inzake, ndiponso kalembedwe kakale kamene kankaika c pamene ife timalemba ch.

Zomba unali likulu la dziko kufikira 1975, ndipo nyumba yosungira zikalata zakale za dziko lino, National Archives of Malawi, ili muno kuyambira 1947, kotero maofesi, masukulu ndi mipingo ya kuno ili ndi mapepala akale ochuluka. M'mapepala amenewo Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning, Thyolo ndi Cholo, Mulanje ndi Mlanje, Ntcheu ndi Ncheu, Nkhotakota ndi Kota Kota, Machinga ndi Kasupe, ndipo nyanja ya Chilwa imalembedwa Shirwa. Chinenero chimene tikulembamochi chinkatchedwa Chinyanja m'zikalata za boma chisanafike chaka cha 1968. Kalaliki wobadwa chaka cha 2000 sangayembekezereke kudziwa zonsezi pamtima. Mapulogalamu aakulu amalola fayilo ya mawu ofanana, imene pa Solr ndi synonyms ndipo pa SQL Server ndi thesaurus, mmene mumalemba kuti Mangochi ndi Fort Johnston ndi malo amodzi. Kumene pulogalamu silola, mndandandawu ulembedwe papepala n'kumatidwa pakhoma pafupi ndi kompyuta, ndipo aliyense wopeza dzina lina latsopano aziwonjezera.

Dzina likubwera koma chithunzi sichikutseguka

Ili ndi vuto lina, ndipo limaopsa anthu kuposa mmene liyenera. Mapulogalamu ambiri sasunga chithunzi mkati mwa detabesi. Amasunga adiresi ya foda imene chithunzicho chili. Wina akasintha dzina la foda, akasamutsa mafayilo kupita pa diski yatsopano, kapena chilembo cha diski chikasintha kuchoka pa E kupita pa F, detabesi imalozabe kumalo akale. Onani adiresi imene yalembedwa pa chikalata chimodzi, muyerekeze ndi kumene fayilo ilidi, ndipo mubwezere dzina lakale kapena musinthe adiresi mu pulogalamu. Ndi bwino kugwiritsa ntchito adiresi yoyamba ndi dzina la seva m'malo mwa chilembo cha diski. Adiresi yopitirira zilembo 260 imakanidwa ndi mapulogalamu ambiri a Windows, choncho mafoda asalowetsanelowetsane ndi mayina aatali, ndipo manambala a mafayilo a boma, amene amakhala ndi timizere topendekeka, sangakhale mayina a mafayilo a kompyuta mmene alili. Timizereto tisinthidwe ndi kamzere kogona. Chikalata chikamapezeka kwa bwana koma osapezeka kwa kalaliki, palibe chawonongeka, kalalikiyo alibe chilolezo cha foda imeneyo.

Pa chifukwa chomwechi, kope losungira liyenera kutenga detabesi ndi foda ya zithunzi nthawi imodzi. Detabesi ya lero pamodzi ndi zithunzi za mwezi watha zimapereka mayina opanda zithunzi. Moto umene unatentha maofesi aakulu a boma, a Secretariat, muno mu Zomba mu 1919 unapita ndi zikalata zambiri za zaka zoyambirira za boma la atsamunda, ndipo ofufuza mbiri amaumvabe mpata umenewo. Seva ndi diski yosungira zikakhala m'chipinda chimodzi, ngozi imodzi imatenga zonse. Kope lina likhale m'nyumba ina, ndipo kamodzikamodzi muziyesa kulibwezeretsa pa kompyuta yapadera n'kutsegula zikalata zingapo. Zikalata zosungidwa kwa nthawi yaitali zikhale mu PDF/A, mtundu wa PDF wopangidwira kusunga zikalata, muyeso wa ISO 19005 umene unayamba mu 2005.

Zimene munthu amalemba m'mabokosi

OCR ndi yothandizira chabe. Chimene chimapulumutsa ofesi ndi mabokosi ochepa amene kalaliki amadzaza pa chikalata chilichonse, ndipo ine ndimakonda asanu odzazidwa mosamala kusiyana ndi makumi awiri odzazidwa mwaulesi: nambala ya fayilo, dzina, tsiku la chikalata, mtundu wake, ndi malo. Mtundu ndi malo zisamataipidwe. Zizisankhidwa pamndandanda wokonzedwa kale, kuti boma limodzi kapena mfumu imodzi isalembedwe m'njira zinayi. Dzina la bambo ndi dzina loyamba zikhale m'mabokosi osiyana, ndipo pakhale bokosi lina la kalembedwe kena ka dzinalo, mmene mungaike Mbwana pambali pa M'bwana. Tsiku lilembedwe chaka, mwezi, kenaka tsiku, monga 2019-04-03, chifukwa 03/04/2019 ndi 3 April kwa ife koma ndi 4 March pa kompyuta imene inatcheredwa mwa ku America, ndipo makompyuta ambiri amafika otcheredwa choncho. Bokosi la tsiku la chikalata lisasokonezedwe ndi la tsiku lojambulira. Amene amayamba kulemba mlozera mu Excel asanaulowetse mu detabesi aike mizere ya manambala a mafayilo pa Text asanayambe kutaipa, apo ayi Excel imachotsa maziro a kumayambiriro, 0045 n'kukhala 45, ndipo 3/12 imaisandutsa tsiku.

Mu ofesi ija tinagwirizana kusankha zikalata makumi awiri zodziwika bwino, mwa izo muli kaboni wofufuma, fulusikapu, kalata ya Chichewa, dzina la nkhodolero, dzina la ŵ, dzina lakale la boma, ndi chikalata chimodzi chojambulidwa sabata yomweyo. Manambala ake ndi mawu osakira analembedwa pa pepala limodzi. Lolemba lililonse m'mawa, komanso tsiku lotsatira magetsi akathima usiku, kalaliki amasaka zonsezo asanatsegule zenera la anthu, ndipo chimodzi chikakana amalemba tsiku ndi nambala yake m'buku n'kuimbira woyang'anira seva nthawi yomweyo.